Kachubu Kotsiriza ka a Nyasulu

Chaka chatha tsopano chimwalirireni apongozi anga aamuna, a Nyasulu, koma mpaka lero ndikamva munthu akukhwekhwereza masilipasi pa simenti ndimadzidzimuka n'kuyamba kukonza chitenje. Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Tiyi ankamwa ataimirira. Nkhani ankaiyamba ali pakhonde n'kukaimaliza ali kuseri kwa nyumba, iwe udziwe wekha ngati uwatsatira kapena udikira kuti abwerenso. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi kuti ulaliki ukatalika atuluke akayendeyende. Ngakhale miyezi yawo yomaliza, maso atafa, ankayendabe choncho, dzanja lili pakhoma, kuchoka kuchipinda kukafika pa geti, kubwerera, kupitanso.

Ine ndinabwera kuno ku Mzilawaingwe, mu Mzuzu, kuchokera ku Dedza, nditakwatiwa ndi mwana wawo womaliza, Wongani. Apongozi aakazi ndinapeza atamwalira kale. Kwathu ndine Naphiri, a Nyasulu ankati NyaPhiri, ndipo dzina langa loyamba sanalitchulepo. Mlongo wawo, amene tonse timawaitana kuti ankhazi, kunena azakhali m'Chitumbuka, amakhala ku Chibanja, ndipo ndi amene anandipatsa malamulo tsiku loyamba. Usadye pamodzi ndi apongozi ako. Usawayang'ane kumaso. Ukamawapatsa kanthu ugwade, ndipo m'chipinda mwawo usapondemo. Sizinandivute. Ndine wamanyazi chibadwire, moti malamulowo anali ngati andipatsa pobisala.

Kale a Nyasulu ankagwira ntchito kummwera, pa sukulu ina yaukachenjede, m'chipinda choyeseramo za sayansi. Sanali mphunzitsi. Iwo ndi amene ankalumikiza mawaya m'mawa ophunzira asanafike, n'kudzamasula madzulo ndi kupukuta matebulo. Anthu a kuno ankawatcha a Pulofesa, ena mwaulemu ena mowaseka, ndipo iwo ankadana nazo zonse ziwiri. Ankati pulofesa ndi munthu amene amalemba dzina lake pansi pa manambala amene wapeza, pamene iwo zaka zonsezo ankangoyalira anzawo.

Kusukuluko kunabwera mphunzitsi wina wakunja ndi timachubu titatu ta galasi, tofanana ndi tija ta m'mawailesi akale, kalikonse kotalika ngati chala. Anabwera ndi pepala lofotokoza kayesedwe kake, koma anabwerera kwawo asanatigwiritse ntchito. Timachubuto tinakhala m'kabati mpaka a Nyasulu akupuma pantchito, akuluakulu n'kuwauza kuti atenge, n'zakale izo. Mkati mwa kachubu kalikonse munali mpweya wochepa kwambiri wotchedwa zenoni, ndi kawaya kamene kakatentha kamatulutsa tinthu tamagetsi tosaoneka ndi maso, maelekitironi. Tinthuto timayenera kuwoloka mpweyawo kukafika pa kachitsulo ka tsidya lina. Tina timawombana ndi mpweya n'kumwazikana, tina timafika. Muvi wa pa mita umanena kuchuluka kwa tofikato, ndipo munthu akamapotokola batani amationjezera liwiro pang'onopang'ono. Chimene iwo ankafuna chinali kuyesa zimenezi ndi manja awo, kamodzi kokha, n'kulemba.

Kachubu koyamba kanasweka m'basi pobwera ku Mzuzu. Kachiwiri anakapsereza amuna anga, ine ndili ndi pakati pa Tawonga. A Nyasulu anawaitana kuti awagwirire mawaya, ndipo amuna anga amayendetsa njinga yamoto, m'mawa sachedwa pakhomo. Ndinali kutsuka mbale pamene ndinamva phokoso.

“Ndinati waya wofiira udikire! Makutu unasiya pa siteji?”

“Adada, mwandisunga kuyambira sikisi koloko. Zinthu zake zosaonekanso. Mukawapeza maelekitironi anuwo tiwathira mchere?”

“Choka! Fumapo!”

Sanalankhulane mwezi wathunthu. A Nyasulu akafuna kunena kanthu ankauza khoma. Ankaima m'kanjira n'kunena mokweza kuti wina auze mwana wa m'nyumba muno kuti mpope ukudontha, mwanayo ali pomwepo akumanga nsapato. Mwezi umenewo ndinauona bwino, ndipo sindinauiwale.

Kenako shuga anayamba kuwadya maso. Kuchipatala anawauza poyera kuti sabwerera, azingochepa. Anayamba kuwerenga ndi galasi lokulitsa, patapita nthawi nalonso linalephera. Zilembo zazikulu za pakalendala ankazionabe, koma muvi wa mita ndi wopyapyala ngati tsitsi. Ndipo kachubu kanatsala kamodzi. Masiku amenewo kuyenda kwawo kunaipa. Ankatha kutuluka m'mvula yowaza ija ya mwezi wa Juni opanda juzi, kukafika kumsewu, kubwerera osagula kanthu.

Tsiku lina anandimva ndikuwerengera mnzanga manambala a sikelo m'kabuku ka mwana. Anaima kumbuyo kwanga.

“NyaPhiri, manambala mumawadziwa?”

“Pang'ono, adada.”

“Pang'ono mpaka pati?”

“Mpaka amene alembedwa.”

Anaseka, ndipo madzulo omwewo nkhani inali itafika ku Chibanja. Ankhazi anabwera m'mawa mwake atavala juzi ziwiri, osakhala pansi nawonso, pakuti mtundu wawo ndi umodzi.

“Mkamwana m'chipinda cha apongozi ake? Chitseko chotseka? Anthu andifunsa chiyani ine?”

“Iwe anthu amakufunsa ngakhale nkhuku ikatsokomola.”

“Yayi, mdumbu wane, mlongo wanga iwe, ukalamba wakulowa moipa. Mwana wa eni ake uyu.”

“Nanga undiwerengera ndiwe? Iwe amene sikisi ndi naini umati n'chimodzimodzi, kungoti wina wagona?”

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Mapeto ake a Nyasulu anatenga mawaya aatali, n'kuwadutsitsa pansi pa chitseko, mita n'kuiika pa kampando m'kanjira. Ine ndizikhala pa mkeka kunja, msana kuloza kuchitseko, iwo mkati. Ankhazi anayang'ana mawayawo nthawi yaitali, kufunafuna cholakwika, sanachipeze. Anangoti yewo, n'kumapita.

Chimene ankayembekeza kuti muvi uchite sanandiuze. Linali lamulo lawo. Ankati wowerenga akadziwa yankho, maso ake amayamba kuthandiza muvi. Chimene anandiuza n'chimodzi chokha, tsiku loyamba, poyesa mita ndi batire kachubu asanakalumikize. Anati akapotokola, muvi ukwere, ukatsika ndiye kuti mita yadwala. Ine mawu amenewo ndinawasunga ngati a m'Baibulo, osadziwa kuti anali a tsiku limenelo lokha.

M'mawa wa tsiku lachiwiri iwo ali kosamba, Tawonga, amene anali atangoyamba kukwawa, anakoka waya. Mita inagwa pa simenti. Ndinaitola, ndinaipukuta ndi chitenje, galasi lake losasweka, muvi uli pa ziro. Ndinaibwezera pa kampando, osauza munthu.

Tinayamba nditamaliza mbale, chitseko chakunja chili chotsegula kuti kuwala kulowe. Batani lawo linkalira kuti the, the, ndipo iwo ankatchula nambala ya pamene afika, ine n'kuyankha ya pa muvi.

“Wani,” anatero iwo.

“Thuu.”

“Thuu.”

“Faifi,” ndinayankha.

Muvi unkakwera bwinobwino. Naini, fotini, sikisitini. Ndinkamva cholembera chawo chachikulu chikulira kuseri kwa kalendala yakale. Ndiye anapotokolanso, muvi n'kubwerera pa fifitini. Ndinaphethira. Ndinaugogoda ndi chikhadabo. Unakhala pomwepo.

“NyaPhiri? Sikisi.”

M'maganizo ndinaona mita ija ikugwa. Ndinaona amuna anga akumanga nsapato bambo awo akulankhula ndi khoma. Ameneyo anali mwana wawo wobereka, nanga ine wobwera? Komanso kuuza apongozi kuti chinthu chawo chikuchita zosiyana ndi zimene iwo ananena, pakamwa panga panalibe mawu oterowo.

“Seventini,” ndinatero.

“Seveni.”

Muvi unali pa thwelofu. “Naintini.”

Unapitiriza kutsika mpaka pa seveni, ine ndikukwera mpaka twente-faifi. Titamaliza anati tibwereze mawa. Mawa lake ndinanenanso zomwezo, chifukwa bodza la dzulo linafuna mnzake. Ndinafika powaloweza manambalawo kuti asasiyane. Anasintha batire. Anapala mawaya ndi mpeni. Anachepetsa moto wa kawaya kotentha, anaonjezeranso. Tsiku lililonse ankatulutsa pepala pakhonde, kuliyandikitsa kumphuno, kulumikiza madontho ndi cholembera, ndipo mzere unkangokwera ngati msewu wa paphiri. Ine chakudya chinasiya kundikomera. Ndinkati ndinena lero, ndikafika pa mkeka n'kubwerezanso bodza lomwelo. Zinatenga masabata atatu.

Anali ndi mnzawo wa ku Lupaso, a Jere, amene amayendera alimi a ng'ombe zamkaka ndi chigubu chachitsulo kumbuyo kwa njinga. M'chigubumo amasungiramo mbewu ya nkhunzi, ng'ombe zamphongo, m'madzi ozizira koopsa otchedwa naitirojeni, amene amafuka ngati akuwira. A Jere anali atalonjeza kudzera kwathu ndi otsala, kuti aumitse mpweya wa m'kachubu, ayesenso ngati mulibe mpweya, kenako afananize. Loweruka lina a Nyasulu anaitana amuna anga, mwachifatse, n'kuwauza kuti akakumana ndi a Jere awauze asavutike. Mpweya unatha m'kachubu, zitsulo zinaumwa chifukwa cha ukalamba, zimachitika. Palibenso choumitsa.

Ndiye anakulunga kachubuko m'kampango, anakaika pansi pakhomo la chipinda.

“NyaPhiri, mukataye kuchimbudzi. Mwana angadzicheke.”

Ndinapita nako kuseri. Ndinaima pamwamba pa dzenje, kampango kali m'manja, kosalemera ngakhale ngati dzira. Ndinaima mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anafunsa ngati ndili bwino. Ndinakabisa m'chitini cha mpunga.

Chimene chinandiopsa sichinali mkwiyo, chifukwa panalibe. A Nyasulu anakhala pansi. Anatulutsa mpando pakhonde, anakhala, manja pa maondo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tiyi anamwa atakhala. Nyumba inakhala zii, moti Tawonga ankakwawa kukawasuzumira. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ndinauza amuna anga zonse, ndikuganiza kuti akandinenera, pakuti mwambo wake ndi umenewo.

“Wachita bwino,” anatero. “Asiye mdala apume. Ukawauza akuperekeza okha mpaka ku Dedza, wapansi.”

Tsiku lachitatu amuna anga atachoka, ndinabereka mwana, ndinatenga kampango kaja, ndinagwada kumapeto kwa khonde.

“Odi, adada.”

“Yewo, NyaPhiri.”

“Kachubu kaja sindinataye.”

“Chifukwa?”

“Mita inagwa. Tawonga anakoka waya. Sindinakuuzeni.”

“Mita zimagwa. Ndiye?”

“Ndiye inadwala. Muvi sunkakwera. Manambala aja ndinkangonena ine.”

Ndinkayang'ana masilipasi awo. Chala chachikulu chinayamba kugwedera.

“Sunkakwera, unkatani?”

“Unkakwera mpaka sikisitini. Kenako unkatsika.”

“Unkatsika.”

“Eya.”

“Ine ndikupotokolabe?”

“Eya, adada.”

“Tsiku lililonse? Pamalo omwewo?”

“Pa sikisi, tsiku lililonse.”

Mpando unagwa chagada. Anaimirira, anapita kugeti, anabwerera, anawomba m'manja kamodzi ngati munthu wopha udzudzu. “Chiuta wane! Ulipo! Mpweya ulipo!” Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayamba kulira, mwana nayenso. Ndiye kuseka kuja kunatha, anaima pafupi nane kuposa mmene anaimirapo chibwerereni ine pakhomopo.

“Masabata atatu, NyaPhiri. Masabata atatu aja mzere pa pepala ndinkauona. Lero sindikuuona.”

Sanabwerezenso mawu amenewo mpaka imfa yawo, ndipo sanalankhule ndi khoma. Anangoti yalani mkeka.

Masana omwewo ndinawerenga zoona. Sikisitini, fifitini, thwelofu, naini, seveni. Nambala iliyonse yotsika ankaiyankha kuti yewo chomene, ngati ndawapatsa chakudya. Atamaliza anaphwanya lamulo lawo, anandifotokozera kudzera pachitseko. Anati aliyense angaganize kuti tinthuti tikamathamanga kwambiri ndiye tifika tambiri. Koma pali liwiro lina lochepa, limodzi lokha, pamene mpweyawo umakhala ngati palibe, tinthuto n'kumangodutsa. Ukationjezera liwiro pang'ono timayambanso kuwombana n'kumwazikana, ndiye muvi umatsika. Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani. Linali funso langa loyamba kwa iwo. Anati anthu ophunzira amati tinthuto sitiyenda ngati timiyala koma ngati mafunde, ndipo iwo anawerenga zimenezo kambirimbiri, mutu unavomera koma mtima unkafuna muvi.

A Jere anabwera Lachinayi masana, njinga ili matope okhaokha.

“Monire a Pulofesa! Mwana wanu akuti munasiya ufiti, lero mwayambiranso?”

“Tsitsa chigubu, iwe mzamba wa ng'ombe.”

“Ine anthu amandiseka kuti ndimanyamula ana a ng'ombe m'botolo, koma inu mwandiposa. Anga amabadwa, amalira. Anu ndani anawaonapo?”

“NyaPhiri anawaona. Anawabisa masabata atatu.”

Ndinafuna kulowa pansi. A Jere anathira madziwo m'kapu ya fulasiki, utsi woyera n'kutsikira pansi, kutuluka pansi pa chitseko mpaka pa mkeka wanga, kuzizira m'mapazi. Ndinamva a Nyasulu akuwauza kuti azondotse kachubu, aviike nsonga yokha, pang'onopang'ono, galasi likang'aluka palibenso kena m'dziko muno. A Jere anasiya nthabwala. Panamveka kaphokoso ngati mafuta m'chiwaya. Tinadikira. Sikanang'aluke.

“Wani,” anatero a Nyasulu.

Ulendo uno muvi unadutsa sikisitini osaima. Seventini, naintini, twente-thuu. Unangokwera mpaka kumapeto, pakuti mpweya unali utauma pagalasi, njira ili yoyera. Mkatimo a Nyasulu anayamba kuseka.

“Jere, tamvera. Manambala awa ndili nawo kale. Mkamwana wanga anaumitsa mpweya yekha, popanda chigubu chako.”

“Ndiye ndikulembani ntchito mayi,” anatero a Jere. “Naitirojeni akuvuta kupeza.”

Mizere iwiriyo ndinajambula ndine, pa kalendala imodzi, iwo akundiuza poika madontho. Anaiyandikitsa kumaso, anapita nayo padzuwa, anaitembenuza. Sanaione. Ndiye ndinatenga ulusi woluka juzi, ndinausoka m'madontho monse, wa mpweya ndi wopanda mpweya. Anayendetsa chala pa ulusi woyamba, kukwera, kufika pa kaphiri, kutsika. Anabwereza mwina kakhumi, ataimirira. Kenako anandiuza kuti ndilembe pansi pake kuti wopotokola ndi Nyasulu, wowerenga ndi NyaPhiri. Mapepala abodza aja anakana kuwawotcha. Anati munthu woyesa sataya pepala, amangolemba pamwamba pake chimene chinachitika. Ndinalemba ndekha, ndi dzanja langa, kuti awa sanali a muvi.

Ankhazi atamva nkhani yonse anati ine ndinachita zaulemu, wolakwa ndi amene anapatsa mkamwana ntchito ya amuna. A Nyasulu anawayankha kuti ulemu umenewo aupititse ku Chibanja, kuno wawadyera maso. Anakangananso, ndipo tsiku limenelo ankhazi anachoka osatsanzika. Koma pamaliro ndi iwo amene anatenga kalendala ya ulusi ija n'kumaionetsa azibusa, ataigwira mozondoka.

A Nyasulu anakhala ndi moyo miyezi isanu ndi iwiri kuchokera tsiku la a Jere. Ankanena za kuyesa kwina, kuti akufuna adziwe bwinobwino pamene pali nsonga ya kaphiri kaja, apotokole pang'ono kwambiri kuposa poyamba. Ankadzitsekera m'chipinda masana, ndikumamva akupala mawaya. Koma miyendo inayamba kutupa, tinapita nawo kuchipatala kawiri, ulendo wachitatu sanabwerere.

Loweruka likudzali abale akubwera kudzaona chiliza, ndipo ankhazi anena kuti ndikonze chipindacho mugone alendo. Dzulo ndinalowamo koyamba. Ndi kachipinda kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira ndili kunja. Bedi ndi lopapatiza, bulangete lopindidwa, ndipo tebulo ndi limene latenga malo. Pa tebulopo pali timabala takuda ta chitsulo chowotcherera, ndi bwalo loyera pamene kapu yozizira ija inadya vanishi. Batire lafufuma m'mbali. Kachubu kali m'kapu ya tiyi yopanda chogwirira, atakakulunga m'sokosi.

Mawaya ndi amene anandiimitsa. Waya aliyense anamumanga mfundo kuti azimudziwa ndi zala, wina imodzi, wina ziwiri, mpaka zisanu, ndipo onsewo ali m'malo mwawo, omangidwa bwino. Pali wina wa mfundo zisanu ndi imodzi. Mbali imodzi walumikizidwa ku batani latsopano limene sindinalionepo. Mbali inayo wasendedwa kale, timawaya take topotedwa bwinobwino, koma wangolendewera m'mphepete mwa tebulo. Ndayang'ana paliponse pamene akanalowa, sindikupadziwa. Amuna anga nawonso sakudziwa. Ndinayimbira a Jere, anati iwo amadziwa za ng'ombe.

Ndasesa pansi, ndachotsa akangaude, ndayala bedi la alendo. Tebulo ndalikankhira kukhoma momwe lilili. Ntchito imene inatsala pa wayayo sindikuidziwa kukula kwake, koma pokankhapo ndinkangoganiza kuti mwina inali ya masabata atatu.